Liwiro la Tudora

Ku Ulmeasa akuluakulu onse amadziwa kuti Tudora, mwana wa Oprea, anali mtsikana waliwiro kuposa wina aliyense amene anabadwirapo m'mudzimo. Amene amamuona lero akukoka mwendo pochokera kudimba sangakhulupirire, ndipo mwini wake sazinena. Sanali wokongola kwenikweni. Anali wamtali, wa mapazi aakulu, wosakonda zolankhulalankhula, ndipo ntchito ankaigwira monga ankaigwirira mkazi wina aliyense wa m'chigawo cha Oltenia. Chinthu chimodzi chokha chimene anaposa nacho anzake ndicho chinamupweteka.

Kwa zaka makumi asanu Tudora anakhala ndi funso limodzi mumtima: chinaletsa Ilarie kufika pachitsime n'chiyani? Yankho anali atadzipatsa yekha kalekale, lakuti mnyamatayo anafunitsitsa kufika koma anthu oipa anamutsekereza. Yankho limenelo ndilo linkamugoneka ndi kumudzutsa m'nyumba ya mwamuna amene sanamufune. Chimene chinatsala n'kulimva kuchokera pakamwa pa Ilarie mwini.

Nkhaniyi inachitika pa chikondwerero cha Dragobete, pa 24 Febuluwale m'chaka cha 1957, Tudora ali ndi zaka 17.

Za chiyambi cha tsikuli anthu a ku Ulmeasa sanagwirizanepo. Wansembe ankati m'buku la tchalitchi tsikulo ndi lokumbukira kupezeka kwa mutu wa Yohane Mbatizi, ndipo kuti palibe tsamba limene limanena za kupsompsonana. Chaka chilichonse ankakumbutsa anthu kuti mutuwo unadulidwa chifukwa cha mtsikana wovina, koma achinyamata ankangodikira kuti amalize. Oprea, bambo ake a Tudora, ankati ndi tsiku limene mbalame zimasankhana ndi kuyamba kumanga zisa, anthu anangotengera, n'chifukwa chake patsikulo sapha nkhuku, sasoka, salima. Akazi anali ndi nkhani yawoyawo. Ankati Dragobete anali mnyamata wooneka bwino amene anakwatira mtsikana wina mayi ake asakufuna, ndipo mayiwo anatuma mtengwayo kumtsinje wozizira kuti akachape ubweya wa nkhosa yakuda mpaka uyere. Anyamata ankakumbukira mnyamatayo. Wochapa ubweya ankamukumbukira ndi akazi okwatiwa okha.

Mwambo wokha ndiwo unalibe mtsutso. M'mawa anyamata ndi atsikana ankavala zovala za chikondwerero n'kukwera kunkhalango kukathyola timaluwa toyera timene timaboola chipale chofewa nyengo yozizira ikamatha. Dzuwa likafika pamutu atsikana ankauyatsa liwiro kutsikira kumudzi, aliyense akuthamangitsidwa ndi mnyamata amene ankamufuna. Mtsikana akamufuna mnyamatayo ankalola kugwidwa, ndipo ankapsompsonana pamaso pa anthu odikira pachitsime cha polowera m'mudzi. Chimenecho chinali chitomero. Panalibe kalata, panalibe mphete. Mboni anali maso a mudzi.

Ndipo mboni ndizo zinali nkhani yonse. Chaka cha m'mbuyo mwake mtsikana wina, Stanca, anagwidwa m'khwawa, pakati pa njira, popanda woona. Atafika kumudzi mnyamatayo anakana kwamtuwagalu. Stanca anatsala ndi dzina loipa, ndipo mayi ake a Tudora ankamutchula nthawi iliyonse akafuna kuopseza ana awo aakazi.

Ilarie anali mwana wa mkazi wamasiye, wokhala kumapeto kwa mudzi m'nyumba ya chipinda chimodzi. Analibe ng'ombe, analibe munda wa mphesa. Anali ndi pakamwa. Pa nthawi yosenda chimanga ankakhala moyang'anizana ndi Tudora n'kumayerekeza mawu a wansembe, a mphunzitsi, ngakhale a tambala wa kwa Oprea, mpaka mtsikana amene sankaseka pagulu ankabisa nkhope m'makoko. Pa gule wa Lamlungu ankapeza njira yoti dzanja logwira likhale la Tudora, ngakhale zitafunika kupondaponda anthu awiri atatu. Tsiku lina anamuikira chipatso chachikasu m'thumba la epuloni osanena kanthu, ndipo tsiku lina, mvula itawapeza pochokera kumphero, anamunyamulira thumba la ufa mtunda wonse akudandaula kuti msana wake watha ntchito. Zinali zokhazo. Kwa Tudora, amene anazolowera kuti anyamata amamuyang'ana akafuna womuthandiza kukweza ngolo, zinali zambiri.

Kutatsala masiku atatu kuti Dragobete ifike anakumana pampanda wa kwa Oprea, Tudora atanyamula ndowa.

"Kodi udzandithamangitsa?" anafunsa, maso ali pa ndowayo.

"Ine? Kuthamangitsa iwe? Ndili ndi mapapo awiri okha, mlongo. Ndidzathamangitsa Voica, uja amayenda ngati bakha wokhuta."

"Thamangitsa Voica, uone."

"Nanga ndikakugwira udzandipatsa chiyani?"

"Mbama."

"Ya dzanja liti? Ndikonzeretu tsaya."

Tudora anaseka, kenako anasiya. "Pachitsime, Ilarie. Pamaso pa anthu. Ndikadzayandikira pamenepo ndidzachepetsa liwiro. Kwina kulikonse ayi."

"Pachitsime," anatero Ilarie, dzanja lili pamtima, mawu ali a wansembe.

Tsikulo linacha bwino, koma njira inali matope okhaokha chifukwa chipale chinali chikusungunuka. Tudora anadzuka msanga, natapa chipale choyera kuseri kwa khola, nachisungunula n'kusambira kumaso ndi kutsitsi, monga ankachitira atsikana onse pofuna kukongola. Ilarie anavala buluku loyera limene mayi ake anachapa ndi kusita, lokhalo labwino limene anali nalo. Paphiri achinyamata anakoleza moto, anathyola maluwa, anaimba, anaponyerana mawu. Dzuwa litafika pamutu mtsikana wina anakuwa, ndipo onse anabalalika kutsetsereka.

Tudora anasiya anzake kumbuyo asanatuluke n'komwe m'mitengo. Poopa kuti angamutaye Ilarie, anadziletsa pang'ono polowa m'khwawa, ndipo apo m'pamene dzanja linagwira mkono wa malaya ake.

"Ndakugwira, kavalo wa Oprea!" Ilarie ankapuma ngati mvukuto.

"Pano ayi! Palibe akuona!"

"Mbalame zikuona. Lero ndi tsiku lawo."

"Ndisiye, wamisala iwe!"

Anamukankha ndi manja awiri. Sanafune kumukankha kwambiri, koma Tudora anali mwana wonyamula matumba. Ilarie anaterereka n'kugwa chagada m'matope ndi buluku lake loyera lija, miyendo m'mwamba. Tudora anaseka. Chimenechi ankachikumbukira bwino pambuyo pake, ndipo sanachione ngati kanthu, popeza amene anamuphunzitsa kuseka anali yemweyo.

"Pachitsime!" anafuula, n'kuuyatsanso.

Anatuluka m'khwawa nalowa pakati pa minda ya mphesa. Podziwa kuti Ilarie afunika nthawi yodzuka, anayamba kuchepetsa liwiro akadali kutali. Patsogolo anaona gulu la anthu pachitsime, ndipo patapita kanthawi kumbuyo kwake kunamveka nsapato. Mtsikana wodzilemekeza sacheuka pa liwiro la Dragobete, kucheuka n'kupempha. Choncho sanacheuke. Anachepetsa monga analonjezera, anachepetsanso, mpaka ankangoyenda ndawala, ndipo dzanja litagwira phewa lake anatembenuka atatsinzina, nkhope atakweza m'mwamba.

Milomo imene inamupsompsona inkanunkha fodya. Ilarie sankasuta.

Potsegula maso akazi anali akufuula kale ndi chimwemwe, ndipo amene anamugwira m'chiuno anali Zamfir, mwana wa Badea, mnyamata wa zaka 24 wongobwera kumene kuusilikali. Bambo ake anali ndi ng'ombe ziwiri zolimira, ndiponso munda wa mphesa umene Tudora anali atangoudutsa kumene.

"Ndimayesa ndi wina," anauza makolo ake atafika kunyumba.

"Wina ndani?" anafunsa mayi ake. "Tchula dzina, tione ngati mwini wake abwera kudzalivomera."



"Tamvera, mwana iwe," anatero Oprea. "Voica akanati anagwidwa asakufuna, ndikanamva. Koma iwe? Chaka chatha unapitirira mwana wa kavalo wa a Badea, mudzi wonse ukuona. Lero mudzi womwewo wakuona ukuima, wakuona ukukweza nkhope ngati mwanapiye wakumwa madzi. Ndikawauze chiyani anthu? Kuti unatopa?"

Mfundo imeneyi inalibe poigwira. Aliyense ankadziwa kuti Tudora sangagwidwe asakufuna.

Anadikira. Mnyamata wolimba mtima akanatha kufika kwa Oprea tsiku lomwelo n'kunena kuti woyamba kumugwira ndine. Ilarie sanabwere. Ena anamuona akulowa m'mudzi mochedwa, podzera kuseri kwa minda, matope mpaka kumsana. Pasaka isanafike anali atapita ku Craiova kukagwira ntchito m'fakitale. Tudora anatola tizidutswa timeneti n'kumanga nato nkhani yake. Asuweni a Zamfir, amene analipo atatu ndipo onse ankhonya, anamupeza Ilarie m'khwawa n'kumupanikiza pansi. Podzuka zonse zinali zitatha. Ndipo anachoka m'mudzi chifukwa sakanatha kupirira kumuona akulowa m'tchalitchi ndi wina. Palibe anamuuza zimenezi. Palibenso anazitsutsa, popeza sanauze munthu.

Chitomero cha Dragobete, mwa mwambo, chinali cha chaka chimodzi ndipo chinkatha kufa chokha. Ichi sichinafe, chifukwa Oprea ndi Badea anali atamwera kale limodzi kachasu wa mapulamu. Ukwati unachitika mphesa zitakololedwa.

M'mawa wa tsiku lachiwiri la banja lawo, Tudora akukoleza moto m'nyumba ya apongozi, Zamfir anaima pakhomo akumuyang'ana.

"Pachitsime paja unatsinzina chifukwa chiyani?"

"Dzuwa."

"Dzuwa linali kumbuyo kwako, mkazi wanga." Anaseka, n'kutuluka kukamasula ng'ombe.

Za moyo wake m'nyumba imeneyo palibe chachilendo choti n'kulemba. Anabereka ana anayi, atatu anakula. Minda italandidwa n'kukhala ya boma, ng'ombe ndi mphesa zimene zinakopa Oprea zija zinapita, ndipo Tudora anagwira ntchito m'khola la ana a ng'ombe kwa zaka 26. Zamfir ankayendetsa ngolo, ankamwa, ndipo ankamumenya monga ankachitira amuna ambiri a m'mudzimo, mwina kuposerapo pang'ono. Chimene ankasiyana nacho ndi anzake n'chakuti ankakonda nthabwala.

Ankadziwa za Ilarie, ngakhale dzinalo sankalitchula. Basi ya ku Craiova ikaima pamsewu Tudora ali pabwalo, ankati, "Yang'anitsitsa, mkazi wanga, mwina lero watsika." Akamutuma kanthu ankati, "Thamanga, koma ukafika pachitsime usaime."

Achinyamata anasiya kuthamanga pa Dragobete zaka zochepa pambuyo pake. Akuluakulu a chipani cholamula sankakonda miyambo ya masiku a tchalitchi, ndipo anyamata ambiri anali atapita m'matauni. Koma Zamfir tsikulo ankalisunga. Pa Dragobete mwamuna sakwiyitsa mkazi, apo ayi chaka chonse sichimuyendera, ndipo Zamfir ankaopa tsoka. Choncho pa 23 ankabwera kunyumba dzuwa likadalipo.

"Mawa ndi tsiku la chikondi, sindidzakukhudza," ankatero akuvula lamba. "Bwera tithane lero."

M'mawa mwake ankamuthyolera timaluwa toyera n'kumupatsa pamaso pa anansi.

Tudora sanathawe. Kwa makolo ake khomo linali lotseka, ndipo kwina kunalibe. Pa masiku otere ankapita kukhola, n'kutsamira mutu pa msana wa mwana wa ng'ombe, n'kukumbukira kuti ku Craiova kuli munthu amene anamufuna iye, wa mapazi aakulu yemweyo, mpaka kusiya mayi ake ndi mudzi wake chifukwa cha iye. Ulendo wina anapita ku Craiova ndi mwana wodwala khutu. Atatuluka m'chipatala anakaima pafupi ndi chipata cha fakitale nthawi yoweruka, mwana ali m'manja, n'kuona amuna mazanamazana akutuluka atavala zofanana. Sanamuone. Anabwerera ali wokhutira ndithu, chifukwa tsopano ankadziwa chipata chimene amatulukira. Atamva kuti Ilarie wakwatira sanakhumudwe kwenikweni. Mwamuna amafuna womuchapira malaya.

Ilarie anabwerera ku Ulmeasa kumapeto kwa chaka cha 2006, mkazi wake atamwalira, ana ake atapita kukagwira ntchito kunja. Anakonza denga la nyumba ya mayi ake n'kumaweta nkhuku zisanu. Anali atanenepa, dazi lili mbee, ndi mano oikirira oyera mopitirira muyeso. Tudora anakumana naye kawiri pamsewu. Maulendo onse awiri Ilarie anavula chipewa n'kunena kuti, "Moni, mayi Tudora, kukuzizira," n'kupitirira. Tudora anawamva mawuwo ngati a munthu amene akudziletsa. Anatsimikiza mtima kuti amufunsa, koma m'mudzi mkazi wapabanja, ngakhale wa zaka 67, saima pampanda wa mwamuna wamasiye popanda chifukwa.

Chifukwacho chinabwera ndi mphunzitsi. Crina anali mtsikana wa m'tauni, wa mtima wabwino, amene zinkamuwawa kuona ana a sukulu akudula mitima ya mapepala ofiira pa 14 Febuluwale potengera za pa wailesi yakanema. Anaganiza zodzutsa Dragobete, ndipo wina atamuuza kuti m'mudzimo muli banja limene linayambira pachitsime zaka makumi asanu zapitazo ndendende, anafika kwa Zamfir ali wefuwefu.

"Agogo, ndi zoona? Munatomerana pa liwiro?"

"Pa liwiro penipeni, mwana wanga," anatero Zamfir. Tsopano ankayenda ndi ndodo, dzanja limodzi linali litafa, koma lilime linali lamoyo. "Funsani mwini wake. Iwe, uza aphunzitsi mmene unandiimira."

"Ndilibe zonena, aphunzitsi," anatero Tudora.

"Ndi wamanyazi. Koma tsiku lija manyazi anawasiya kuphiri."

"Ndiye mudzabwere kuholo Loweruka," anatero Crina. "Ana adzaone kuti chikondi chenicheni ndi chathu chomwechi, osati cha m'masitolo. Mudzi wonse udzakhalako."

Tudora anali atatsegula pakamwa kuti akane. Atamva kuti mudzi wonse, anatseka.

Loweruka m'mawa anazungulira nyumba kufuna chipale choyera. Chaka chimenecho chinali chitasungunuka msanga, ndipo chochepa chimene anachipeza kuseri kwa nkhuni chinali ndi mwaye. Anachisungunulabe, nachisefa pa kansalu, nasamba kumaso.

"Ukusambira ndani?" anafunsa Zamfir ali pabedi. "Ine maso anga anatha kale."

Holo inadzaza dzuwa lisanafike pamutu. Anawakhazika pamipando iwiri kutsogolo, Tudora atavala malaya opetedwa amene Crina anabwereka kwinakwake, ofupika m'mikono. Ana anaimba. Mtsikana wina anawerenga papepala kuti Dragobete anali mulungu wa chikondi wa makolo akalekale, chinthu chimene palibe wokalamba aliyense m'holomo anamvapo chibadwire, koma onse anaomba m'manja. Za ubweya wakuda sanawerenge. Ilarie anakhala kumbuyo pafupi ndi mbaula, akudya chitumbuwa cha tchizi.

Kenako Crina anapereka cholankhulira kwa Zamfir.

"Ana inu, mukuiona nkhalambayi? Inkathamanga kuposa galu wosaka. Anyamata onse ankaiopa. Ine ndinali ndi nsapato za usilikali, zolemera ngati miyala, ndiponso ndinali nditasuta kuyambira m'mawa. Ndiye ndikanaigwira bwanji? Ndinangoona ikuchepetsa, ikuchepetsa, ikugwedeza chiuno." Holo yonse inafa ndi phwete. "Kenako inatembenuka chonchi." Anatsinzina n'kutulutsa milomo. Ana anagwerana m'mipando.

"Agogo aakazi," anatero Crina akumuyandikizira cholankhulira, misozi ya chimwemwe ili lengelenge, "munadziwa bwanji kuti ndi yemweyu?"

Tudora anayang'ana kumbuyo kwa holo. Ilarie ankaseka pamodzi ndi ena, akukutumula nyenyeswa pa jekete.

"Sindinacheuke," anatero.

"Mwamva?" Crina anatembenukira kwa ana. "Sanafunike n'kucheuka komwe. Mtima unadziwa."

Wina kumbuyo anafuula kuti abwerezenso tione, ndipo holo yonse inavomereza ndi mapazi. Zamfir anamukoka ndi dzanja lamoyo lija. Ankanunkhabe fodya. Mwana wamng'ono anabwera ndi maluwa okulungidwa m'pepala lonyezimira n'kuwaika pamiyendo pa Tudora.

Mwambo utatha amuna anamuzungulira Zamfir ndi matambula, ndipo Tudora anatuluka. Anamupeza Ilarie pampanda wa holo akumanga mabatani.

"Ilarie."

"Mayi Tudora! Mwatisangalatsa lero. Amuna anu aja akanakhala a zisudzo."

"Usanditchule mayi. Ndili ndi funso limodzi, ndipo ndalisunga nthawi yaitali. Anakugwira ndani m'khwawa muja?"

Ilarie anakwinya nkhope ngati munthu wofunafuna makiyi m'matumba. "M'khwawa?"

"Tsiku lija, nditakukankha. Anali asuweni a Zamfir, eti? Angati? Onse atatu?"

"Aaa, tsiku la buluku!" Anaseka, mano oikirira aja ali poyera. "Mayi anga anandikalipira sabata yathunthu. Matope a m'khwawa muja sachoka, ukudziwa."

"Anakugwira ndani?"

"Palibe anandigwira, Tudora. Ndinakhala pomwepo."

"Unavulala?"

"Ayi. Ndinakwiya basi. Unandiseka, iwe. Ndiye ndikanafika bwanji pamaso pa mudzi wonse ndi matako akuda bii? Ndili chikhalire, Zamfir anatulukira. Sankathamangitsa aliyense, ankangotsika ndi ndudu yake. Nayenso anandiseka. Ndiye ndinati, ukuseka chiyani, thamangira kuchitsime, kavalo wa Oprea akaima, ndipo sacheuka. Iye akuti ukunama. Ine ndikuti pita ukaone."

Tudora anagwira mpanda.

"Zinali zachibwana," anapitiriza Ilarie. "Ndimafuna udzidzimuke pang'ono, umupatse mbama ija unandilonjeza ine. Ndikanadziwa bwanji kuti makolo azitenga ngati zenizeni?"

"Ukanabwera kwa bambo."

"Kudzatani? Kulimbana ndi a Badea, ine wopanda ndi mbuzi yomwe? Komanso dzina langa linali litalembedwa kale kufakitale kuyambira Januwale. Ndimati ndikuuza, koma zinangodutsa."

"Ndiye sunachoke chifukwa cha ine."

"Chifukwa cha iwe?" Anamuyang'ana modabwa, ndipo kudabwako kunali kwenikweni, kopanda chiphamaso. Kenako anaona nkhope yake n'kuyesa kukonza. "Koma zinakuyendera, si choncho? Zaka makumi asanu! Ine wanga anandipirira makumi anayi okha, n'kufa. Taona maluwa. Kunena zoona, umayenera kundithokoza."

Anavala chipewa, n'kunena kuti nkhuku zikumudikira.

Zamfir anatuluka m'holo nkhope itafiira, ndipo Tudora anamupatsa mkono monga mwa masiku onse, chifukwa msewu unali woterera. Anayenda pang'onopang'ono. Atadutsa tchalitchi mwamunayo analankhula.

"Andiuza kuti unali pampanda. Mumanong'onezana chiyani ndi wa mano a m'sitolo uja?"

"Wandiuza."

"Wakuuza chiyani?"

"Kuti anakutumani ndi iye."

Zamfir anaima. Tudora anayembekeza kuti aseka, koma nkhope yake inagwa ngati ya mwana wolandidwa chakudya.

"Chitsiru," anatero. "Chitsiru cha munthu. Zaka makumi asanu ndakhala ndikuisunga imeneyo."

"Bwanji simunandiuze? Tsiku lililonse munali ndi chonena."

"Ndikuuze kuti usiye kudikira? Ndiye ine ndizisangalala ndi chiyani?" Analavula pambali. "Ndimati ndidzakuuze pa tsiku langa lomaliza, wansembe atatuluka, iwe utawerama kuti umve mawu anga otsiriza. Ndinali nditakonza ndi mawu ake omwe."

Anapukusa mutu, n'kugwiranso mkono wa mkazi wake.

"Tiye, mapazi anga azizira."

Tudora anayenda naye, akumuchirikiza pa malo oterera. Atafika kunyumba anamuvula nsapato, anakoleza mbaula, anatenthetsa nyemba, anamudulira buledi tizidutswa tating'ono toti adye ndi dzanja limodzi. Kenako anakhala pampando, manja ali pamaondo, n'kufunafuna choti aganize, monga ankachitira nthawi zonse ntchito ikatha. Sanapeze kanthu.